Fifitini ya Amalume ndi Fote ya ku Joni

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinkakhala kwa amalume ku Mbungo, kudikira zotsatira. Ntchito yanga inali kukapa madzi m'boti lawo. Linali boti la matabwa, lalifupi, la utoto wobiriwira umene unali utayamba kusupuka. Kumbuyo kwake kunali injini imene tonse tinkangoitchula kuti fifitini, potengera nambala yolembedwa pachivundikiro chake. Tsiku lobwera sitima, amayi ogulitsa usipa wouma ankalonga matumba awo m'botimo, ife n'kuwafikitsa ku Chipyela kuti katunduyo akwere sitima. Pamudzi pathu panalibe boti lina logwira ntchito imeneyo, ndipo banja la amalume linkadyera pomwepo.

Kenaka kunabwera mnyamata wina wa m'mudzi momwemo amene anakhalitsa ku Joni. Anafika ndi jekete lachikopa ndi injini ya fote. Anakhometsa boti lalitali, lotambalala, loti ungalongemo matumba makumi atatu malo a anthu n'kutsalabe. Tsiku limene analitsitsira m'madzi, ana anathawa kusukulu kudzamva kulira kwa injiniyo.

Sanali munthu woipa mtima, koma anali wapakamwa. M'mawa uliwonse wa sitima ankaima m'boti lake, phazi limodzi pathanki ya petulo, n'kumakuwa.

"Madala, kachigayo kanuko kadzuka lero? Amayi, mukakwera umo sitima mukaipeza ili ku Chizumulu!"

Amalume ankangopitiriza kulonga matumba. Anali munthu wochepa thupi, wosapsa mtima msanga, woimba besi mu kwaya. Koma usipa wa ku Mbungo sunali wokwanira maboti awiri. Patangodutsa Pasaka, amayi awiri amene anayenda ndi amalume zaka zambiri anatipatsa moni mwaulemu wonse, n'kupitirira ndi matumba awo kukakweza mu fote. Wa ku Joni uja atawaona anaomba m'manja.

"Madala, tisamavutitse azimayiwa. Tithamangitsane pamaso pa anthu. Wogonja asiye katundu wa sitima mpaka mvula yoyamba. Mukuti bwanji?"

Pagombe panali anthu ambiri. Amalume anapukuta manja pa kabudula wawo nati, "Ndidzakuyankha Lamulungu tikatuluka ku misa."

Apa ndifotokoze mmene ine ndinalowera m'nkhaniyi. Aphunzitsi athu a masamu anali ochokera ku Lilongwe, ndipo chimene ankachisowa kwambiri pachilumba pano chinali magalimoto, poti kuno ungawawerenge ndi zala. Tsiku lina anationetsa pafoni pawo mpikisano wa kunja: magalimoto awiri, msewu wowongoka, mamita mazana anayi basi. Usanameze malovu, atha kale. Kenaka anatiuza kuti munthu ukhoza kulota wopambana mipikisano imeneyo isanayambe. Mphamvu ya injini amaiyeza ndi mahatchi, anatero, ndipo nambala zija fifitini ndi fote n'za mahatchi omwewo. Utenge kulemera kwa galimoto, ugawe ndi mahatchi ake, uone kuti hatchi imodzi yasenza makilo angati. Amene hatchi yake yapepukidwa ndiye amatsogola. Anawonjeza kuti liwiro silikula mofanana ndi mphamvu: kuti galimoto ithamange kawiri, pafunika mahatchi kasanu ndi katatu.

Ine hatchi ndinali ndisanaionepo, ndipo galimoto ndinali nditakwerapo kamodzi kokha. Koma ndinazikopera zonsezo kumapeto kwa kope langa. Tsiku lina tikuchokera ku Chipyela, nditaona amalume ali chete, ndinafuna kuwasangalatsa. Ndinawauza kuti fote si yoopsa monga mmene nambala yake imamvekera, chachikulu n'kulemera kumene yanyamula. Iwo anangoti "Eti?" Ndinkaganiza kuti anaiwala.

Masana a tsiku la chitokoso lija anandiitanira pansi pa mtengo wa mango.

"Mphwanga, zija unkanena za mahatchi zija, zinali zoona kapena unkangocheza?"

"Zoona, amalume. Aphunzitsi analemba pabolodi."

"Ndiye werenga. Ukandiuza kuti tilowe, tilowa. Ukati ayi, ndimuuza mwanayo kuti sindichita masewera. Andiseka, koma kusekedwa sikupha."

Palibe munthu wamkulu amene anali atandifunsapo nzeru chibadwire changa. Kusukulu ndinkakhala kumbuyo, ndipo ngakhale yankho ndikulidziwa dzanja linkandilemera. Ndinavomera.

Boti silikwera pasikelo, choncho ndinapita kwa mmisiri wokhoma maboti, mkulu wa imvi amene anakhoma maboti onse awiriwo. Ndinaima pafupi naye nthawi yaitali asanandione. Nditafotokoza, anaseka, koma anandiwerengera matabwa onse kuchokera m'mutu: a m'mbali angati, a pansi angati, nthiti zingati, utali wake ndi kunenepa kwake. Anandipatsa zidutswa zotsala kuti ndikaziyeze.

"Koma usayeze zouma," anatero. "Thabwa la m'nyanja limamwa. Zinyike kaye."

Ndinazimangirira ku mwala n'kuzisiya m'madzi masiku awiri. Kenaka ndinabwereka sikelo yopachika ya amayi ena ogula nsomba. Ndinayeza zidutswazo, thanki, nkhafi, chingwe. Fifitini tinaipachika panthambi ya mango. Amalume nawo anapachikika, atagwira mbedza ya sikelo ndi manja awiri, miyendo atapinda, ana akugubuduka ndi phwete. Ine ndinakwana makilo 55. Injini ya fote sindikanatha kuigwira, koma mmisiri anati imalemera ngati thumba limodzi ndi theka la chimanga, ndipo ndinalemba zomwezo.

Boti lathu, pamodzi ndi anthu awiri, linakwana makilo 600. Hatchi iliyonse makilo 40. La wa ku Joni, ndi anthu awirinso, linafika pa 1,760. Hatchi iliyonse makilo 44. Ndinawerenga kasanu, kamodzi ndikuyambira kumunsi, ndipo yankho silinasinthe.

"Ndiye tipambana?" anafunsa amalume Loweruka masana.

"Masamu akutero, amalume. Koma mtunda ukhale waufupi, ndipo m'boti mukhale anthu awiri okha, opanda katundu. Mpata wathu ndi wochepa. Tikawonjezera makilo 60 okha, tafanana naye."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, anamupeza mnyamatayo pakhomo n'kumupatsa dzanja anthu akuona. Anagwirizana kuti Loweruka lotsatira m'mawa, nyanja isanadzuke, adzathamangitsana kuchokera pagombe lathu kukafika pa mwala wa mphipi, thanthwe lija loyera ndi zitosi za mbalame limene lili panjira ya ku Chipyela. Woweruza adzakhala mmisiri.

Lachitatu ndinayenda wapansi kupita ku Chipyela kukawaonetsa aphunzitsi kope langa. Kunena zoona ndinkafuna andiyamikire. Ndinawapeza pakhonde akuchonga mapepala. Anawerenga tsamba loyamba akumwetulira. Pofika lachitatu, kumwetulira kuja kunali kutatha.

"Wawerenga bwino, palibe cholakwa," anatero. "Koma iwe, izi ndi za galimoto."

Anandibwezera kope langa.

"Galimoto imaponda pansi polimba. Boti limakankha madzi, ndipo madzi ali ndi malamulo awo. Ndimamva kuti boti lalitali limadula madzi bwino kuposa lalifupi, ngakhale litalemera. Zimenezo mulibe m'masamu ndinakupatsani aja. Ndinkangofuna kuti musagone m'kalasi."

"Ndiye apambana ndani, aphunzitsi?"

"Sindikudziwa. Pa mtunda waufupi mwina laling'ono lidzuka msanga. Mwina ayi. Mwabetcha chiyani?"

Nditawauza, anavula magalasi.

"Pita ukawauze amalume ako lero lomwe. Wamva? Lero."

Njira yobwerera imadutsa m'minda ya chinangwa ndi pakati pa milambe. Ndinayenda ndikuyeseza mawu. Amalume, pali kanthu kena. Amalume, aphunzitsi akuti. Ndinasankha mawu abwino, aulemu, ndipo pofika pamudzi ndinali nditawaloweza.

Ndinawapeza atagadabuza boti pamchenga, iwo ndi ana awo akupala ndere kunsi kwake ndi zigoba. Ankaimba nyimbo ya Pasaka, ana akuyankha. Atandiona anakuwa, "Uyo injiniya wathu!" Pa chakudya akazi awo anandiikira mutu wa nsomba, umene nthawi zonse unali wa amalume. Ndinaudya. Ndinati ndinena mawa.

Lachinayi tinazula mabenchi awiri ndi matabwa opondapo kuti boti lipepuke. Sindinanene. Lachisanu amalume anasintha pulagi, natsanulira petulo m'chigubu chaching'ono chongokwanira kukafika ku Chipyela, kumene ankafuna kukagula wina mpikisano ukatha. Ndinawagwirira fanulo. Ndinkadziuza kuti dzanja apereka kale, ndiye kunena tsopano kukangowasowetsa mtendere. Ndinkadziuzanso kuti aphunzitsi sananene kuti tigonja, anangoti sakudziwa.

Loweruka nyanja inali bata, ngati mafuta m'mbale. Anthu anabwera ngakhale ochokera ku Khuyu, ena atakwera pamiyala, ena atayimika mabwato m'mbali. Amayi a usipa anakhala paokha pansi pa mtengo, osaonetsa mbali. Mmisiri anapalasa bwato lake kukakhala pa mwala wa mphipi, wezulo ya mpira ili m'khosi. Anati akaimba kamodzi tinyamuke, ndipo akaimba kachiwiri ndiye kuti wina wafika.

Wa ku Joni anavala jekete lake ngakhale kunkatentha. Mng'ono wake ndiye anali womukapira madzi.

"Madala, mwatenga kamba wa panjira? Ulendowu ukutalikirani!"

"Tiona konko, mwana wanga," anatero amalume.

Maboti onse anali atayandama, injini zikulira pang'onopang'ono, pamene anthu anapatuka kupereka njira. Anali amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga ndi amalume. Ankayenda motsimphina chifukwa cha mawondo, beseni lalikulu lili pamutu, lodzaza chinangwa chonyika chimene anali atangovuula, madzi akudontha m'khosi mwawo. Anali munthu wathupi. Agogo atamwalira, iwowa ndiwo analera amalume, kuwabereka kumbuyo, kuwaphunzitsa kusambira.

"Ndamva mukupita ku Chipyela," anatero, atalowa kale m'madzi mpaka m'mawondo. "Gwira beseni iwe."

Kwathu boti silikana munthu wolowera kumene ilo likupita. Ukhoza kukangana naye dzulo, ukhoza kusamulankhula chaka chonse, koma akaima pagombe ndi katundu wake malo umamupezera. Tinakula tikuziona choncho, ndipo palibe amene anatiuzapo chifukwa chake. Pachilumba aliyense tsiku lina adzaima pagombe.

"Achemwali," anatero amalume motsitsa mawu, "lero ndi mpikisano. Tikangofika pamwala paja ndibwerera kudzakutengani."

"Ubwerere? Petulo wake uti? Ndaona kachigubu kako. Mpikisano wakowo sukulowera ku Chipyela komweko? Kapena ukufuna ndiyende ndi mawondo awa, mwana wanga akudikira chinangwachi?"

Anthu anayamba kuseka. Wa ku Joni anawerama ngati akupereka ulemu.

"Akwere, akwere! Ine sindidandaula. Kapena abwere muno, muli malo. Amayi, bwerani mulawe fote!"

Mawu amenewo ndiwo anatseka njira. Mlongo wawo akwere boti la mnyamatayo pamaso pa mudzi wonse? Amalume anatembenukira kwa ine. Sanakweze mawu.

"Mphwanga, masamu ako akuti bwanji?"

Ndinali nditawerenga kale. Maso anga masiku amenewo ankayeza chilichonse. Amayi aakulu, makilo ngati 75. Beseni la chinangwa chonyowa, 25. Zonse 700. Hatchi iliyonse kupitirira 46. Tinali titagonja tisananyamuke, ngati masamuwo anali oona n'komwe. Amayi aakulu ankandiyang'ana, dzanja lili m'mphepete mwa boti. Ndiwo anandigulira nsapato zolembera mayeso. Amalume ankandiyang'ananso.

"Akhoza kukwera, amalume," ndinatero. "Palibe vuto."

Ndinalandira beseni. Manja anga anavomereza kuti sindinaphonye kulemera kwake. Anyamata awiri anawakweza amayi aakulu, boti n'kutsika m'madzi ndi chikhatho chathunthu. Anakhala pakati, pa benchi imodzi yotsala ija. Ine ndinakhala kutsogolo kwawo, chigubu chokapira chili m'manja.

Wezulo inalira kutali, mopyapyala.

Amalume anapotoza chogwirira mpaka kumapeto. Fifitini inakuwa mawu amene ndinali ndisanaimvepo. Boti linanjenjemera lonse, n'kuyamba kuthamanga. Fote inabangula kumanja kwathu, koma boti lake lalikulu linayamba lakhalira kumbuyo, mphuno m'mwamba, likukumba madzi. Tinalisiya. Ndinaona ndi maso anga mphuno yake ili kumbuyo kwa injini yathu, ndipo pagombe panabuka mfuu.

"Yesu wanga!" anakuwa amayi aakulu, atakumbatira beseni. "Mukufuna kundipha? Chepetsa, iwe!"

Maso a amalume anali pamwala.

Kenaka boti lalikulu lija linagona bwino pamadzi n'kuyamba kubwera. Silinabwere mothamanga. Linkadya mpata wathu pang'onopang'ono, thabwa ndi thabwa. Mphuno yake inafika pa amalume. Inafika pa amayi aakulu. Ndinkamva wa ku Joni akukuwa koma mawu ake ankamezedwa ndi injini. Tinali titadutsa theka la mtunda. Mbalame za pamwala zinali zitayamba kuoneka imodziimodzi.

Ndinayang'ana nkhope ya amalume. Milomo yawo inkayenda, kaya ankapemphera kaya ankalankhula ndi injini. Ndinaganiza za miyezi yonse ya mwera yopanda katundu, za ana aja akupala ndere, za mutu wa nsomba. Ndipo m'mutu mwanga munabwera nambala. Pa 700 kuchotsapo 55 patsala 645. Hatchi iliyonse makilo 43. Mnzathuyo 44.

Sindinaganize china. Kusambira tonse timakudziwa, ndipo gombe silinali kutali. Ndinaika chigubu pamiyendo ya amayi aakulu, ndinagwira m'mphepete mwa kumanzere, kumene kunalibe fote, n'kudzigubuduzira m'madzi.

Madzi a boti lothamanga ndi olimba. Anandimenya m'nthiti n'kunditembenuza, ndipo ndinamwa. Nditatulutsa mutu, funde la maboti awiriwo linandikwirira kachiwiri. Ndinatsokomola, ndinapukuta m'maso, ndipo ndinaliona boti lathu. Linali litadzuka. Sindinganene motsimikiza, chifukwa munthu amene mutu wake uli pamadzi saona bwino, koma zinkaoneka ngati fote yaleka kulidya mpata.

Ndiye ndinamva mawu a amayi aakulu, opyola phokoso la injini zonse ziwiri.

"Mwana! Mwana wagwa!"

Kulira kwa fifitini kunatsika nthawi yomweyo. Boti linapendekeka, likukhota.

"Pitani!" ndinakuwa. "Amalume, pitani!"

Ndinakweza manja onse awiri kuwakankhira kumwala. Ndinazindikira mochedwa kuti munthu wokupiza manja m'madzi amaoneka ngati akumira. Amalume anawonjezera moto, koma akubwera kwa ine. Anazimitsa injini ali chapatali kuti mapiko ake asandicheke, napalasa ndi nkhafi kotsalako. Anandigwira lamba n'kundikokera m'boti ngati kampango.

"Wavulala?"

"Ayi."

"Pumira. Wamenya mutu?"

"Ayi, amalume."

Kutali wezulo inalira kachiwiri. Tonse atatu tinaimva. Mbalame zinauluka pamwala, ndipo mfuu ya anthu inatipeza mochedwerapo, ikudutsa pamadzi.

"Waterereka?" anafunsa amalume. "Matabwa opondapo aja tikanawasiya."

Anali atandikonzera kale bodza, ndipo linali labwino. Ndikanangoti inde. Ndinayang'ana madzi amene ankatuluka m'kabudula wanga kulowa m'boti.

"Ndadumpha dala. Kuti boti lipepuke."

Amayi aakulu anandimenya kumsana ndi nsalu yonyowa imene anafunditsira chinangwa. "Chitsiru! Ndikanakawauza chiyani amayi ako? Kuti mwana wanu tamusiya m'nyanja ngati mwala wa nangula?"

Amalume sanakalipe.

"Iwe unabadwira pano," anatero. "Unamvapo boti lasiya munthu m'madzi?"

Ndinali ndisanamvepo. Ndinkadziwa bwinobwino, monga mmene ndimadziwira dzina langa. Koma m'kope langa munalibe malo ake, ndipo masiku onsewo ndinkakhala m'kopemo.

Analiza injini, tinapita pamwala. Wa ku Joni anali atazimitsa yake, akuyandama pafupi ndi bwato la mmisiri. Sankaseka.

"Ali bwino mfanayo?" anafunsa.

"Ali bwino."

Mmisiri anakanda m'mutu. Anati wafika woyamba ndi wa fote, aliyense waona, koma poti pagwa munthu, mpikisano ukhoza kubwerezedwa ngati eni ake onse avomera. Mnyamatayo anaganiza pang'ono. Ndikuganiza kuti kudzuka kwathu koyamba kuja kunamuopsa.

"Ndivomera," anatero. "Koma ulendo uno osati kamtunda ka ana aka. Mpaka ku Chipyela."

Amalume anapalasa kutalikira pang'ono kuti ena asamve. Amayi aakulu okha ndiwo anali pakati pathu, akupuma mwaphuma.

"Mphwanga, ndikufunsa komaliza. Awiri okha, mpaka ku Chipyela. Kope lako likuti bwanji?"

Mano anga ankagundana ngakhale dzuwa linali litakwera. Ndinawauza zonse. Ndinati masamu aja ndi a magalimoto pamsewu. Ndinati aphunzitsi akuti boti lalitali limadula madzi bwino, ndipo mtunda ukatalika ndiye kuti mwayi ndi wake. Ndinati ngakhale za kamtunda kakafupika aphunzitsiwo sanatsimikize.

"Anakuuza liti?"

"Lachitatu."

"Lachitatu lapitali?"

"Inde, amalume."

Anaika nkhafi m'madzi, napalasa kubwerera pamwala. Anaimirira m'boti, natambasulira mnyamatayo dzanja.

"Palibe chobwereza. Injini ndachepetsa ndekha, palibe wandigwira dzanja. Wapambana. Uwanyamule bwino azimayiwo, ndipo wa mwendo wodwala uja uzimukhazika pakati, amachita chizungulire."

"Madala..." anayamba mnyamatayo, koma sanamalize. Analandira dzanjalo ndi manja awiri.

Tinawafikitsa amayi aakulu ku Chipyela. Ine ndinawasenzera beseni mpaka kwa mwana wawo, zovala zikuumira m'thupi. Njira yonse ankandinyoza, ndipo ndinkakonda zimenezo kuposa chete wa m'boti pobwerera.

Masiku otsatira amalume ankandilankhula zofunika zokha. Bweretsa chingwe. Kankha. Tinabwezera mabenchi ndi matabwa opondapo. Tsiku la sitima litafika, amayi a usipa anadutsa pafupi ndi boti lathu ndi matumba awo. Ankapereka moni maso ali pansi. Amalume anayankha aliyense, ndipo fote itadzaza n'kukakamira pamchenga, anadzuka kukathandiza kukankha. Ine ndinkafuna nthaka indimeze.

Boti lija litazimiririka kuseri kwa mwala, anabwera kudzakhala pafupi nane pamchenga.

"Za kudumpha zija ndinakukhululukira m'madzi momwemo," anatero. "Unkafuna kundithandiza, ngakhale mwauchitsiru. Za achemwali nazonso, ine ndemwe ndikanawakweza ngakhale ukanati ayi. Ndinalakwa kukufunsa pamaso pawo." Anatola kamwala n'kukaponya m'madzi. "Koma Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Tinkadya mbale imodzi."

"Ndinkaopa kukukhumudwitsani."

"Ndiye wandisangalatsa?"

Iwo sanayembekeze yankho.

"Ndikanamva Lachitatu, ndikanapita kwa mwanayo kukabweza mawu. Akanandiseka sabata imodzi. Azimayi ena akanapita, ena akanatsala. Lero ndikanakhala ku Chipyela."

Anaimirira n'kusasa mchenga.

"Mawa tikupita kutsidya, ku Mozambiki. Kuli wina akufuna womutengera nkhuni. Udzuke msanga, mwera usanayambe."

Tinanyamula nkhuni nyengo yonse ya mwera. Ndi ntchito yolemetsa, yokhadzula manja, ndipo phindu lake silinkafika pa la usipa. Kawiri tinagona kutsidya chifukwa cha mafunde. Pakhomo tiyi anayamba kumwedwa wopanda shuga, ndipo palibe amene anandiloza chala, ngakhale ana.

Mvula yoyamba itagwa, amalume anaimikanso boti pamalo ake akale tsiku la sitima. Amayi amene kale ankakwera nafe anali khumi ndi mmodzi. Anabwerera anayi.